Mapadi a mabuleki akamadyeka mbali imodzi, musathamangire kugula ena

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pachimake, mayi ena a ku Chalala, mu Lusaka muno, anafika pagalaja yathu ndi RAV4, bokosi la mapadi atsopano lili kale pampando wakutsogolo. Sanafune n'komwe kutsika. Anangotsitsa galasi n'kunena kuti, "Amalume, ingondiikirani awa, ndikuthamangira ana kusukulu. Mapadi a masiku ano ngabodza, aka n'kachitatu kugula chichokere mu Juni."

Ndinawapempha kuti andipatse mphindi 20 zokha. Titachotsa tayala lakutsogolo kumanzere, padi yakunja inali idakali yonenepa, mamilimita 8. Yamkati inali itatha mpaka pachitsulo, itayamba kale kulemba mizere padisiki. Kumanja mapadi onse awiri analibe vuto. Pini yam'munsi ya kalipa, chitsulo chija chimene chimapanitsa mapadi kudisiki, inakana kutuluka ndi dzanja, tinachita kuipotokola ndi sipanala uku tikuigogoda pang'onopang'ono. Itatuluka inali yofiira ndi dzimbiri, girizi yake itauma gwa ngati nkhoko za mumphika wa nsima, ndipo kalabala koiphimba kanali kong'ambika. Mapadi aja sanali abodza ayi. Maulendo onsewo ankasintha chodyedwacho, chimene chikudya n'kuchisiya momwemo.

Sabata simatha ndisanakumane ndi nkhani yotere, makamaka pa magalimoto akuluakulu awa a SUV. Ndi olemera, choncho mabuleki ake amagwira ntchito yaikulu, komanso eni ake amawalowetsa m'malo amene galimoto yaing'ono imabwerera: m'madzi ofika m'mawondo, m'matope, m'misewu ya fumbi ya kumapuloti atsopano. Chimene ndimapempha mwini galimoto aliyense n'chakuti mapadi akale asatayidwe asanawaone. Padi yakale ndi mboni. Mmene yadyekera imakuuzani pamene pali vuto, ndipo ikangoponyedwa m'mulu wa zitsulo, mwatsala ndi kulosera basi.

Dziwani kaye kalipa imene muli nayo

Makalipa alipo amitundu iwiri, ndipo matenda ake ngosiyana. Pa RAV4, Vanguard, Harrier, X-Trail ndi CR-V muli kalipa yotsetsereka. Pisitoni yake ili mbali imodzi yokha, yamkati. Mukaponda pedulo, pisitoni imakankha padi yamkati kudisiki, kenako kalipa yonse imatsetsereka pamapini awiri n'kukoka padi yakunja kuti nayonso ipane disiki. Mapini awiri amenewo ndiwo amagawa ntchito pakati pa mapadi awiriwa. Akangouma, kugawana kwatha.

Kutsogolo kwa Prado 120 ndi 150, Hilux Surf ndi Fortuner muli kalipa yomangidwa nganganga, yosayenda. Ili ndi mapisitoni anayi, awiri mkati awiri kunja. Timapini timene mumationa tapyoza mapadi pamwamba pake ntchito yake n'kungogwira mapadiwo kuti asachoke. Pa kalipa yotere amene amadwala ndi mapisitoni enieniwo. Kumbuyo kwa Prado yomweyo kuli kalipa yotsetsereka ija, ndiye galimoto imodzi imatha kukhala ndi matenda onse awiri.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amadabwa nacho ndikawauza. Mukachotsa phazi papedulo, mulibe sipuling'i yobweza pisitoni. Imene imaibweza ndi mphete ya labala ya makona anayi yozungulira pisitoniyo, imene imapindika pang'ono mukaponda n'kuwongoka mukasiya. Imabweza pisitoni kamtunda kosakwana n'komwe milimita imodzi. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, moti kadzimbiri kochepa, kamchenga kapena girizi youma n'zokwanira kuigonjetsa. Zikatero padi imatsala yokhudza disiki ulendo wonse, ikukhula, ikutentha, ikutha.

Kuyeza

Kusuzumira pakati pa mipata ya rimu kumanamiza, chifukwa padi imene mumaiona ndi yakunja, pamene imene imakonda kutha mobisala ndi yamkati. Tayala lichoke. Imikani galimoto pamalo olimba ndi osatsetsereka, tchingani matayala otsala pansi ndi miyala kapena matabwa, ndipo mukakweza ndi jeke ikani masitandi. Mabuloko a simenti amene ali pabwalo lililonse mu Lusaka muno musawayese n'komwe. Amaphwanyika kamodzin'kamodzi osapereka chenjezo, ndipo Prado imaposa matani awiri. Fumbi lakuda la pamabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, lipukuteni ndi mankhwala otsukira mabuleki.

Chotsani matayala onse awiri a ekiselo imodzi, osati limodzi lokha, chifukwa popanda kuyerekeza simungadziwe kanthu. Padi iliyonse ikachoka ilembeni kumsana kwake kuti ndi yakumanzere kapena kumanja, yamkati kapena yakunja, ndi kumene kunali kumwamba. Yezani mnofu wokha wa padi, osawerengera chitsulo chakumsana, kunsonga zonse ziwiri. Veniya, choyezera chachitsulo cha amakaniko, ndiyo yabwino, koma rula ya mwana wasukulu imathandizanso. Yatsopano imakhala ya mamilimita 10 mpaka 12. Ikafika pa 3 yakwana nthawi yosintha. Yamkati ikachepa ndi milimita imodzi poyerekeza ndi yakunja sindida nkhawa, makalipa otsetsereka amatero. Kusiyana kukafika pa mamilimita 2 kapena 3, kapena kumanzere kukasiyana choncho ndi kumanja, ndiye kuti pali chimene chagwira.

Zimene mapadi akunena

Padi yamkati yatha, yakunja idakali yonenepa. Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, la mayi a RAV4 lija. Kalipa yalephera kutsetsereka, ndiye pisitoni ikungokankha padi yake yokha, yakunja ili phee. Gwirani kalipa ndi manja awiri mapadi atachoka, muikankhe ndi kuikoka. Iyenera kuyenda mofewa popanda kugwiragwira. Mapini akapezeka kuti ali bwino, kayikirani pisitoni kuti ikutuluka koma siikubwerera.

Padi yakunja yatha, yamkati ilipo. Apa kalipa ikutha kutsetsereka mukaponda, chifukwa mphamvu ya phazi ndi yaikulu, koma siikubwerera mukasiya. Pisitoni yabwerera, padi yamkati yapuma, yakunja yatsala yopanikizika. Ndi mapini omwewo ali pachiyambi cha kuuma, kapena makutu a padi yakunjayo akakamira mubulaketi, chitsulo chimene mapadi amakhalamo.

Padi yadyeka ngati nkhwangwa, nsonga ina yokhuthala ina yopyapyala. Pa kalipa yotsetsereka, pini imodzi yagwira inzake ikuyenda, ndiye kalipa ikupana disiki chopendekera. Pini yopindika kapena bowo la pini lotakasuka zimachitanso zomwezo. Pa Prado ndi Fortuner ndi pisitoni imodzi mwa ziwiri za mbali imeneyo imene yafa. Ine kawirikawiri ndimapeza kuti ndi zam'munsi, kumene madzi ndi matope zimakhazikika. Kuti muione, siyani mapadi akale kapena kathabwa m'malo mwake, wina aponde pedulo pang'onopang'ono inu mukuyang'ana kuti ndi mapisitoni ati akutuluka. Musaponde mpata uli wopanda kanthu, pisitoni ingafwamphuke. Kenako bwezani imodziimodzi ndi chitsulo chophwatalala. Yamoyo imalowa mosalala, yodwala imalimba ngati yawotcheredwa.

Tsopano nayi imene imasocheretsa ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Mapadi onse awiri a tayala limodzi atha mofanana, pamene a tayala la mbali inayo akadali ngati atsopano. Maso onse amathamangira kumene kwatha, koma wolakwa akhoza kukhala uyo wooneka bwinoyo. Ngati kalipa yakumanja yauma moti siikupana n'komwe, yakumanzere ndiyo ikuimitsa galimoto yokha, ndipo mapadi ake atha msanga chifukwa chogwira ntchito ya awiri. Ndinaonapo munthu atagula kalipa yatsopano n'kuiika kumbali yabwinobwino, yodwala n'kutsala. Njira yosiyanitsira ndi iyi. Kalipa imene siikumasula imakokera galimoto kumbali yake mukungoyenda osaponda mabuleki, rimu yake imada ndi fumbi kuposa inzake, imatentha ndipo imanunkha kupserera. Kalipa imene siikupana n'komwe siitentha, disiki yake imachita dzimbiri kapena imaoneka yosakhulika bwino, ndipo galimoto imakhotera kumbali inayo pokhapokha mukaponda. Dziwaninso kuti mbali yosamasula ija ikatenthetsa imataya mphamvu, ndiye galimoto imene imakokera kumanzere poyenda imatha kukhotera kumanja poponda. Musadabwe nazo, vuto n'limodzi lomwelo.

Kuyesa kutentha n'kosavuta. Yendani makilomita angapo pamsewu wosadzaza, osapondaponda, muime pang'onopang'ono, kenako sendezani kuseri kwa dzanja pafupi ndi rimu iliyonse. Disiki yeniyeniyo musaikhudze, imasupula khungu. Amene ali ndi choyezera kutentha cholozera patali, ichi ndiye chabwino koposa. Kumanzere ndi kumanja kuyenera kufanana.

Kalipa kapena paipi

Tayala likapezeka kuti likugwira, musagule kanthu musanachite mayeso awa, chifukwa ndi amene amapulumutsa ndalama zambiri. Galimoto ili pamasitandi, pondani pedulo mwamphamvu kasanu, musiye, ndiye muzungulitse disiki ndi dzanja. Ikalimba, vekani kapaipi koonekera mkati pa nipo, kanati kaja kotulutsira mpweya pakalipa, nsonga inayo muilowetse m'botolo, ndiye mumasule nipoyo pang'ono chabe.

Mafuta a mabuleki akatuluka mothamanga disiki n'kumasuka nthawi yomweyo, kalipa ilibe mlandu. Pali chimene chikutsekera mafuta kuti asabwerere. Nthawi zambiri ndi paipi ya labala yochokera kuthupi la galimoto kubwera kukalipa. Kunja imaoneka yabwinobwino, koma mkati mwake mwasupuka, ndipo kachidutswa kosupukako kamalola mafuta kupita mukaponda n'kutseka njira akamabwerera. Kuti mutsimikize, tsekani nipo, pondaninso mpaka disiki igwire, ndipo ulendo uno mumasule pamene paipi yachitsulo ikumana ndi yalabala kumtunda. Disiki ikakhalabe yogwira, chotsekera chili m'paipi yalabala, isintheni, ndipo ndi bwino kusintha mbali zonse ziwiri. Ikamasuka, vuto lili kumtunda, ku ABS, makina oletsa matayala kukhwekhwereza poponda, kapena ku masita silinda, pampu imene pedulo imakankha. Matayala onse awiri akutsogolo akamagwira limodzi, makamaka galimoto ikatentha, yang'anani masita silinda ndi pedulo. Pedulo iyenera kukhala ndi kampata kochepa isanayambe kukankha, ndipo kampatako kakasowa mafuta sapeza pobwerera.

Nipo ikamasulidwa koma disiki osasintha, vuto ndi la zitsulo: pisitoni, mapini kapena mapadi okakamira mubulaketi. Kulikonse kumene mwamasula kumbukirani kuti mabuleki afunika kubulida, kutanthauza kutulutsa mpweya m'mapaipi, musanayende.

Mapaipi amenewa ambiri timawapha tokha m'magalaja. Kalipa ikachotsedwa n'kusiyidwa ikulendewera papaipi, kapena paipi ikafinyidwa ndi pulaya yamano kuti mafuta asatayike, mkati mwake mumavulala. Kawaya kokolowekera kalipa kusipuling'i sikagulidwa n'komwe, kamatoledwa pansi. Mukaona kalipa ya galimoto yanu ikulendewera, lankhulani, ndi ufulu wanu.

Tsegulaninso chivundikiro cha kathanki ka mafuta a mabuleki muone labala yake. Ikakhala yofufuma moti siikukwananso bwino, wina anathiramo mafuta olakwika, a giyabokosi, a sitelingi kapena a injini. Limenelo ndi vuto lalikulu, chifukwa labala iliyonse m'njira yonse ya mabuleki yawonongeka ndipo yonse iyenera kusinthidwa.

Kukonza kwake

Mapini atulutseni onse, muwapukute, mutsukenso m'mabowo mwake mpaka nsalu izituluka yoyera. Pini yongoda ndi girizi yakale imabwereramo. Yokumbika ndi dzimbiri kapena yopindika ndi yotaya. Timalabala tophimba mapini tisintheni tikangokhala ndi kabowo ngakhale kochepa bwanji, pakuti pini yatsopano m'kalabala kong'ambika siimaliza dzinja limodzi.

Nkhani ya girizi ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. M'magalaja ambiri muli chitini chimodzi cha girizi yakuda, yomweyo ya mabering'i, yomweyo ya ma CV, yomweyonso ya mapini. Girizi imeneyo imafufumitsa labala ya pamabuleki. Pamakalipa ambiri pini imodzi ili ndi kalabala kunsonga, ndipo kakafufuma kamatseka pini m'bowo ngati chitsekerero cha botolo. Tsiku loyamba zonse zimayenda bwino, mwini galimoto amachoka akusangalala, pakatha miyezi iwiri pini yauma. Pamapini pamafunika girizi ya silikoni yopangira mabuleki kapena ija yofiira ya labala. Ya kopa nayonso si ya pamapini. Pakani mopyapyala, chifukwa mukadzaza bowo, mpweya umatsekeredwa kumapeto ndipo pini imakana kulowa yonse. Pini ya kalabala ija ili ndi bowo lake, musaisinthanitse ndi inzake. Chotsani imodzi, muimalize, muibwezere, kenako inayo.

Bulaketi anthu amaidumpha. Pansi pa timakilipu tachitsulo timene makutu a padi amayendamo pamamera dzimbiri, limatupa n'kufinya padi. Chotsani timakilipu, kwechani ndi bulashi yawaya, pamene pauma kwambiri mupale ndi tupa mpaka chitsulo chioneke, ndipo ikani timakilipu tatsopano ngati tilipo. Padi iyenera kulowa ndi zala n'kumayenda ndi zala. Mukaona munthu akuikhomera ndi hamala, dziwani kuti padi imeneyo siidzabwereranso m'mbuyo. Mapadi ena otchipa amabwera ndi penti yochindikala m'makutu, imeneyo mukhoza kuipala pang'ono. Koma ngati chitsulo chenichenicho n'chachikulu kuposa malo ake, si a galimoto imeneyo, abwezeni kusitolo. Magalimoto athu ambiri anachokera ku Japan, ndipo dzina limodzi limakhala ndi mabuleki osiyanasiyana malinga ndi chaka ndi injini, choncho pokagula nyamulani nambala ya chasisi ndi padi yakale m'manja. Mapadi ena ali ndi muvi kapena chilembo L ndi R, tsatirani zimenezo.

Pisitoni yogwira imafuna kuphwasula kalipa. Ikatuluka yosalala, itsukeni, muike mphete yatsopano ndi kalabala katsopano kotchinga fumbi, mupake mafuta a mabuleki omwewo pobwezera. Ikakhala yokumbikakumbika kapena chonyezimira chake chasupuka, isintheni. Kuikwecha ndi sandipepa n'kuibwezera n'kudzinamiza, imang'amba mphete yatsopano n'kuyamba kudontha. Thupi la kalipa likadyeka m'ngalande mokhala mphete, gulani kalipa ina. Pokankhira pisitoni mkati kuti mapadi atsopano akwane, ine ndimamasula nipo kuti mafuta akuda a m'kalipa atayikire m'botolo m'malo mobwerera ku ABS.

Kumbuyo samalani. Makalipa ena amene amagwiranso ntchito ya handibuleki pisitoni yake imalowa mozungulitsa, osati mokankha. Magalimoto a handibuleki ya batani, monga RAV4 ya kuyambira 2019, amafuna kuti mota yake ibwezedwe kaye m'njira imene wopanga ananena. Mukakakamiza ndi kilampu muthyola zinthu zodula. Komanso mukapeza kuti mapadi akumbuyo akutha msanga kuposa akutsogolo, koma mofanana mbali zonse ziwiri, musafulumire kuweruza kalipa. Magalimoto atsopano kompyuta yake imagwiritsa ntchito kwambiri mabuleki akumbuyo, makamaka poterera ndi pamene mwanyamula katundu.

Disiki iyang'aneni nkhope zonse ziwiri, chifukwa yamkati ndiyo imabisa dzimbiri ndi mizere. M'mphepete mwake kapena pachipewa chake pamalembedwa MIN TH ndi nambala, kumeneko ndiko kupyapyala komaliza kololedwa. Kusikima, kupala disiki pamakina kuti isalale, n'kwabwino pokhapokha ngati ikatsikabe pamakina ili pamwamba pa nambala imeneyo. Disiki imene yasanduka yabuluu ndi moto kapena ili ndi ming'alu siyofunikanso. Madisiki ndi mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ngakhale mbali inayo ikuoneka kuti ikadalipo. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta ndipo mtima umafuna kusunga mapadi atatu abwinowo, koma mapadi osiyana kumanzere ndi kumanja amagwira mosiyana, ndipo mudzazindikira zimenezi tsiku limene mwana wadumphira mumsewu.

Musanaveke disiki kwechani nkhope ya habu, pamene disikiyo imakhala, iyere. Kadzimbiri kochepa pamenepo kamapendeketsa disiki, ndipo opanga ambiri amalola kupendekera kosaposa mamilimita 0.05. Kukapitirira, disiki imamenya padi pamalo amodzi pa kuzungulira kulikonse, kenako pedulo ndi sitelingi zimayamba kunjenjemera poponda. Manati a tayala amangidwe modumphanitsa, ndi sipanala yoyeza mphamvu. Pa RAV4 ndi 103 Nm, za magalimoto ena zili m'buku la galimotoyo. Kukwera pasipanala ndi phazi kapena kuumiriza ndi mfuti ya mpweya kumapotoza zinthu. Tayala lidakali m'mwamba ligwireni kumwamba ndi kumunsi muligwedeze. Likamachita gwedegwede, bering'i yatha, ndipo imapendeketsa disiki pakati pa mapadi n'kuwadya mopendekera.

Ambiri akamva kuti galimoto ikukokera mbali amathamangira alayimenti. Alayimenti imadya matayala, siidya mapadi. Ngati mapadi asiyana, ndalama ya alayimenti isungeni kaye.

Chifukwa chake vutoli limabwererabwerera kuno

Timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye matayala akumanzere ndiwo amaponda m'mphepete, mmene mumakhala zithaphwi, mchenga wokokoloka ndi madzi osefukira m'ngalande. Pagalaja yathu kalipa yakumanzere ndiyo timaitsegula kawirikawiri. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, amene amadutsa ku Kanyama, ku Misisi kapena m'misewu yamkati ya ku Chawama amamiza makalipa otentha m'madzi amatope tsiku ndi tsiku. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi, mpweya wa m'bowo la pini umanyala n'kukokera madzi mkati podzera pa kalabala kotopa. Mvula ikatha kumabwera fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, limasakanikirana ndi girizi yonyowa ija n'kukhala phala lokhula. Kotsukitsa magalimoto nakonso anyamata amalozetsa mpope wamphamvu pakalipa penipeni pofuna kukusangalatsani. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, matope achoke, koma mpopewo muutalikitseko pamabuleki." Magalimoto ochokera ku UK ndi kumpoto kwa Japan, kumene amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, amafika kuno dzimbiri litayamba kale, ndiye mukangogula tsegulitsani makalipa ngakhale mapadi akuoneka atsopano.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Mafuta a mtundu wa DOT 3 atsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma akamwa madzi amatsika kufika cha pa 140. DOT 4 imachoka pa 230 kufika pa 155. Chinyezi chimenecho ndicho chimadya pisitoni kuchokera mkati, kumene simungaone. Asintheni onse pa zaka ziwiri zilizonse, kuchokera m'botolo lomata, a mtundu umene walembedwa pachivundikiro. DOT 5 ndi ya silikoni ndipo siisakanizidwa ndi enawa. Chizolowezi chowonjezera mafuta nthawi iliyonse akatsika pang'ono n'chosathandiza. Amatsika chifukwa mapadi akutha ndipo mapisitoni atuluka kwambiri, kapena chifukwa pena pakudontha. Zonse ziwiri zimafuna kuchotsa tayala.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake. Mumzere wa magalimoto wa m'mawa pa Great East Road kapena madzulo pa Kafue Road, ena a otomatiki amagoneka phazi lamanzere papedulo ya mabuleki njira yonse. Zimenezo zimadya mapadi onse n'kuphika girizi ya m'mapini. Kutsika Manenekela popita ku Luangwa, mapiri a njira ya ku Chirundu kapena Munali galimoto itadzaza anthu ndi matumba, ikani giya yotsika, 2 kapena L, injini ikuthandizeni kugwira. Moto wa mtsetse umodzi wautali wotsika ndi mabuleki okha umatha kuumitsa timalabala tonse, ndipo pini imayamba kugwira patapita milungu, inu mutaiwala kale za ulendowo.

Mankhwala ake otchipa n'kutulutsa mapini, kuwatsuka ndi kuwapakanso kamodzi pachaka, mvula ikangotha, cha mu Meyi. Pa Prado, nthawi yomweyo yendetsani mapisitoni onse anayi muone ngati akutuluka ndi kubwerera. Musadikire tsiku lopita ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, kukayezetsa galimoto kuti ndiye mukumbukire mabuleki. Ndipo pedulo ikamira, mafuta akamadontha pakalipa, kapena tayala likamafuka utsi, galimoto imeneyo isayendenso mpaka itakonzedwa.

Mukamaliza kumanga

Musanasunthe galimoto pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe. Mapisitoni amakhala ali mkati, ndipo kuponda koyamba kumangofika pansi popanda kugwira kanthu. Onani mulingo wa mafuta m'kathanki, muyang'anenso ngati pali podontha. Kenako pezani msewu wopanda anthu, mufike liwiro la makilomita 60 pa ola, muponde mwapakatikati mpaka cha pa 10 osaima, mubwereze maulendo 8 kapena 10, ndiye muyende mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Apa mapadi amakhazikika bwino padisiki. Mukabwerera yerekezani kutentha kwa marimu, mukweze galimoto muzungulitse matayala. Kakhulidwe kochepa komveka ndi khutu n'kabwinobwino, koma tayala lizizungulira ndi dzanja limodzi. Pakatha makilomita 1,000 chotsaninso matayala muyeze, ndipo manambalawo muwalembe kuti mudzakhale ndi poyerekezera.

Mayi a ku Chalala aja tsiku limenelo ana anakawatenga pa takisi. Tinasintha mapini awiri ndi timalabala take kumanzere, kumanja tinatsuka ndi kupaka girizi yoyenera, madisiki onse awiri anali pafupi ndi malire ndiye tinaika atsopano, mafuta a mabuleki tinakhetsa onse, ndipo mapadi tinaika omwe aja anabwera nawo m'bokosi. Anabweranso mu Juni kudzasintha oyilo, ndipo ndinawapempha kuti tichotse matayala akutsogolo iwo akuona. Kumanzere yamkati inali mamilimita 9, yakunja 9 ndi theka. Kumanja chimodzimodzi.